Kuchuluka kwa Mafuta a Cholesterol: Mmene Mungatetezere Mtima Wanu

Kodi cholesterol n'chiyani?

Cholesterol ndi mafuta opezeka m'magazi, ndipo ambiri mwa mafutawa amapangidwa ndi chiwindi. Thupi limawafuna, koma mtundu wotchedwa LDL ukachuluka umakanirira m'mitsempha n'kuchepetsa njira ya magazi. Mtsempha wopita kumtima kapena kuubongo ukatsekeka, munthu amadwala mtima mwadzidzidzi kapena kuchita sitiroko.

Mungadziwe bwanji kuti achuluka?

Vutoli silimveka kupweteka, ndipo limagwira ngakhale anthu ochepa thupi. Njira yokhayo yodziwira ndiyo kuyezetsa magazi. Kwa munthu wamkulu, mafuta onse pamodzi asapitirire 5 mmol/L, ndipo LDL ikhale yosafika 3 mmol/L. Ngati muli ndi shuga kapena munadwalapo mtima, adokotala adzakuikirani mlingo wotsikirapo.

Pemphani kuyezedwa pa kiliniki ya m'dera lanu, makamaka ngati muli ndi BP, mumasuta fodya, kapena wachibale wanu anadwala mtima asanakalambe. M'mabanja ena vutoli ndi lakumtundu, ndipo odwala otere amatumizidwa kwa akatswiri ku chipatala cha Groote Schuur.

Zakudya ndi ntchito zolimbitsa thupi

Kuno ku Cape Town zakudya zofulumira kugula popita kuntchito, monga vetkoek, polony, tchipisi ndi Gatsby, n'zamafuta ndi mchere wambiri. Muzizidya mwa apo ndi apo. Bwererani ku ndiwo zathu: nyemba, nandolo, masamba otendera ndi nsomba. Nsomba za m'chitini za pilchards n'zotchipa komanso n'zothandiza mtima. Chotsani khungu la nkhuku ndi mafuta a nyama musanaphike. Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, omwe ndi sipuni yaing'ono imodzi. M'sitolo, yang'anani chizindikiro cha mtima cha bungwe la Heart and Stroke Foundation South Africa.

Yendani ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata. Ngati mumasuta, siyani.

Mankhwala

Zipatala za boma zimapereka simvastatin, amene amamwa usiku. Mankhwalawa amagwira ntchito pokhapokha mukumwa. Mukasiya, mafuta amakweranso. Choncho musaleke chifukwa choti mukupeza bwino. Mukamapita kumudzi, konzani ndi anamwino kuti mutenge okwanira ulendo wonse.

Auzeni adokotala ngati mukumwa ma ARV, popeza ena, monga lopinavir ndi ritonavir, sagwirizana ndi simvastatin. Auzeninso ngati ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Minofu ikayamba kuwawa kwambiri, kapena mkodzo ukada, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zizindikiro zosafunika kuzengereza

Imbani 10177, kapena 112 pa foni yam'manja, mukaona izi:

- kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kofalikira kumkono kapena kunsagwada
- kubanika ndi kutuluka thukuta mwadzidzidzi
- kupotoka kwa nkhope, kufooka mbali imodzi, kapena kulephera kulankhula

Musadikire kuti kuche. Mphindi iliyonse imene mtsempha watsekeka, mbali ina ya mtima kapena ubongo imakhala ikufa.