Dzina Limodzi, Mabuku Osiyana

Ana inu, mlendo akafika m'mudzi nati akufuna a Phiri, anthu amayamba amufunsa kuti: "A Phiri ake ati?" Nawo mabuku ali chimodzimodzi. Ena ali ndi maina aatali amene anthu sawakumbukira, choncho amangowatchula potsata mtundu wa chikuto chawo. Lero tiphunzira za dzina lakuti Blue Book, ndiko kunena kuti buku la buluu, limene lapatsidwa kwa mabuku angapo osafanana konse.

Mwambo umenewu unayambira ku Britain, kumene malipoti a Nyumba ya Malamulo ankawakuta ndi pepala la buluu. Dziko lathu lino, limene linkatchedwa Northern Rhodesia, linachoka m'manja mwa kampani ya British South Africa Company ndi kulowa m'manja mwa boma la Britain m'chaka cha 1924. Bwanamkubwa ankatumiza ku London buku lofotokoza za msonkho, chiwerengero cha anthu, sukulu, zipatala, ndende ndiponso malipiro a antchito aboma. Ku Nyasaland nakonso ankachita zomwezo. Buku limeneli ndilo Blue Book yoyamba m'phunziro lathu. Akatswiri a mbiri yakale amaliwerenga mpaka lero, koma mosamala, pokumbukira kuti olemba ake anali atsamunda amene ankalemba zimene iwo ankaziona kuti n'zofunika.

Lachiwiri linali buku la apaulendo la ku America, lotchedwa Automobile Blue Book, limene linayamba kusindikizidwa m'chaka cha 1901. Masiku amenewo misewu yambiri inalibe zikwangwani. Bukuli linkauza woyendetsa galimoto kutalika kwa mtunda woti ayende, ndi pamene ayenera kukhotera akafika pa mlatho, pa tchalitchi kapena pa mphambano. Pamene misewu ikuluikulu ya dzikolo inapatsidwa manambala mu 1926, mapu anayamba kukwanira, ndipo pasanapite zaka zambiri bukuli linaleka kutuluka.

Lachitatu ndi Kelley Blue Book, limene bambo Les Kelley, wogulitsa galimoto mumzinda wa Los Angeles, anayamba kulisindikiza mu 1926. M'bukuli munalibe njira kapena msonkho. Munali mitengo ya galimoto zimene zagwirapo kale ntchito, kuti wogula ndi wogulitsa asanyengane.

Lachinayi lili pafupi nafe. Abale athu a ku Malawi akati blue book amanena chikalata chosonyeza mwini wake wa galimoto. Kuno ku Zambia chikalata chotere timachitcha white book, ndipo chimaperekedwa ndi bungwe la RTSA. Motero Mmalawi wodutsa pa chipata cha Mwami ndi Mzambia wochokera ku Lusaka angathe kutsutsana pa dzina pamene akunena za chinthu chimodzi. Tilinso ndi Yellow Book, buku limene boma limalembamo ndalama zimene likuyembekeza kupeza ndi kugwiritsa ntchito pa chaka, kuphatikizapo za maphunziro.

Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Rufunsa? Buku la malangizo limakalamba ngati munthu. Buku la apaulendo la nthawi ya atsamunda lingakuuzeni kuti msewu wa Great East Road umapita ku Fort Jameson, pamene mzindawo lero ndi Chipata. Buku lolembedwa chaka cha 1968 chisanafike silingatchule mlatho wa pa Luangwa umene tikuwolokerapo masiku ano. Ndipo lolembedwa chaka cha 2012 chisanafike silingaike Rufunsa pa mndandanda wa maboma, pakuti dera lathu linali pansi pa Chongwe. Mwana amene angakopere yankho m'buku lotere, osayang'ana chaka chake, adzalephera mayeso ngakhale kuti anawerenga mwakhama. Wamkulu amene angagule galimoto popanda kuona chikalata chenicheni cha umwini angataye ndalama zake zonse.

Chotero musanakhulupirire buku lililonse, tsegulani tsamba loyamba ndi kufunsa mafunso anayi. Analilemba ndani? Linasindikizidwa kuti? M'chaka chiti? Analilembera yani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kwa inu aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Sonkhanitsani mabuku asanu a pasukulu panu, monga buku la mapu, mtanthauziramawu ndi buku la malangizo a ulimi. Gawani ana m'magulu, ndipo gulu lililonse liyankhe mafunso anayi aja pa buku limodzi. Pomaliza, ana alembe malangizo a ulendo wochokera pasukulu kukafika pamsika kapena pachipatala, potchula mitengo, mitsinje ndi mphambano, monga linkachitira buku la apaulendo lija. Alembe dzina lawo ndi chaka pamwamba pa pepala, kuti wowerenga wa m'tsogolo adzadziwe amene analemba ndi nthawi imene analembera.