Zimene Nyumba za Mbiri za pa Chilumba cha Moçambique Sizinena

Munthu wa ku Mbulumbuzi akafika pa chilumba cha Moçambique amamva Chimakua, chinenero chapachibale ndi Chilomwe cha kwathu kuno. Chilumbachi chidali likulu la Apwitikizi kufikira 1898, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO lidachiwerengera pakati pa chuma cha anthu onse.

Nyumba yake yaikulu ya mbiri ndi Palácio de São Paulo, imene Ajezuiti adamanga mu 1610, nidzakhala pambuyo pake nyumba ya bwanamkubwa. M'menemo muli mipando ndi makama a olamulira. Pafupi pomwepo, pa tchalitchi cha Misericórdia, asungapo ziwiya za Misa ndi zithunzi zosema za anthu oyera.

Koma tiyenera kuzindikira kuti nyumba yotere imasunga zokhazo zimene eni mphamvu adasiya. Akapolo ochokera kumtunda, amene adakwezedwa m'zombo padoko lomweli, sadasiye mpando ngakhale chikho. Tsono mlendo wanzeru akaona mtanda wa siliva adzifunse kuti: kodi adalipira ndani, ndipo thukuta lidali la yani? Ansembefe funsoli sitingalizembe, pakuti guwa ndi msika wa akapolo zidali pa chilumba chimodzi.