OPALESHONI YOCHEPETSA THUPI: FUNSANI MUSANAVOMERE

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane nkhani imene agogo athu akanaimva akanagwira pakamwa. Kwathu kuno mkazi akanenepa timati banja lamuyanja, ndipo achibale ake amayamika mkamwini kuti akusamala bwino. Akayamba kuonda, anthu amanong'onezana pachitsime. Koma kulipo kunenepa kwina kumene sikuli mtendere ayi, ndi matenda. Mayi amalephera kuwerama kuti asese pabwalo, mawondo amaphwanya, usiku mpweya umabanika, ndipo akapita kuchipatala amamupeza ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chandichititsa kulemba ndi mayi wina wa m'gulu lathu. Mwana wake wamkazi, amene ali pabanja ku Johannesburg, anamuimbira foni kuti dokotala wamuuza za opaleshoni yochepetsa thupi, ndipo wamuyalira mitundu itatu kuti akaganizire. Mwanayo anafunsa kuti, "Amayi, ndisankhe iti?" Mayiyo sanaone tulo. Iye ankadziwa za opaleshoni ya pobereka ndi ya chophukacho, koma yodula chifu cha munthu amene akudya bwinobwino anali asanaimvepo. Mwina mawa funso lomweli lidzafika pakhomo panu, kuchokera kwa mwana wanu, mng'ono wanu, kapena thupi lanu lomwe. Safunsa anadya phula.

KODI NDI YA YANI?

Opaleshoni imeneyi si ya mayi amene akungofuna kuti diresi la paukwati limukwanenso. Madokotala ali ndi muyeso wotchedwa BMI. Mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenaka yankholo n'kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 100, muyeso wake ndi 39.

Mu 1991 akatswiri a ku America anagwirizana kuti opaleshoniyi iziperekedwa kwa amene muyeso wawo wafika 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda obwera ndi kunenepa. Mu 2022 mabungwe awiri aakulu a madokotala a ntchitoyi anatsitsa malirewo kufika pa 35, ndi pa 30 kwa odwala shuga, ngakhale zipatala zambiri zikutsatabe muyeso wakalewo.

Munthu asanafike pa mpeni amayamba wayesa kusintha kadyedwe, kuyenda, ndi mankhwala. Ulipo jakisoni wa kamodzi pa sabata wotchedwa semaglutide, amene anavomerezedwa ku America mu 2021 kuti azichepetsa thupi. Ndi wokwera mtengo, ndipo ambiri akausiya thupi limabwerera. Zonsezi zikakanika ndi pamene dokotala amatchula za opaleshoni. Masiku ano sang'amba mimba yonse: amaboola timabowo ting'onoting'ono n'kulowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali. Mitundu yodziwika kwambiri ilipo itatu.

MTUNDU WOYAMBA: LAMBA

Uwu madokotala amautcha gastric band. Amatenga kalamba kofewa n'kumanga kumtunda kwa chifu, monga momwe mumamangira thumba la ufa pakhosi. Chakudya chimatsika pang'onopang'ono ndipo munthu amakhuta msanga. Pansi pa khungu la pamimba amasiyapo kabatani kamene dokotala amabayapo madzi amchere pofuna kumangitsa kapena kumasula lambayo.

Ubwino wake ndi wakuti sadula kanthu, ndipo lambayo angathe kuchotsedwa. Koma ndiye amachepetsa thupi pang'ono mwa mitundu yonse. Amatha kutsetsereka kapena kudya khoma la chifu, ndipo anthu ambiri amadzachitidwa opaleshoni yachiwiri yomuchotsa. Amafunanso kuti muzibwerera kwa dokotala kawirikawiri. Chifukwa cha zimenezi madokotala ambiri anachepetsa kuikira anthu lamba.

MTUNDU WACHIWIRI: KUDULA CHIFU

Uwu dzina lake ndi sleeve gastrectomy, ndipo ndi umene ukuchitika kwambiri pa dziko lonse. Dokotala amadula ndi kuchotsa pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chifu. Chotsalacho chimakhala chowonda, chooneka ngati nthochi. Mbali imene yachotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri timadzi todzutsa njala, kotero munthu samangokhuta msanga, komanso njala yeniyeniyo imachepa. Matumbo sakhudzidwa, chakudya chimayenda njira yake yakale.

Koma dziwani ichi: chifu chodulidwa sichibwerera. Ndiponso opaleshoniyi imatha kuyambitsa chilungulira kapena kuchikulitsa. Ena chimawasautsa kufikira adzachitidwenso opaleshoni ina.

MTUNDU WACHITATU: NJIRA YOLAMBALALA

Uwu ndi gastric bypass, ndipo ndi wakale mwa itatuyi. Dokotala Edward Mason wa ku Iowa, m'dziko la America, anaona kuti anthu ochotsedwa mbali ya chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba ankaonda, ndipo mu 1967 analemba za njira imeneyi. Dokotala amapatula kathumba kakang'ono ngati dzira kumtunda kwa chifu, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono cha kutsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chachikulucho ndi chiyambi cha matumbo.

Njira imeneyi ili ndi mphamvu pa shuga wa akuluakulu. Ambiri amachepetsa mankhwala, ena amasiyiratu kwa zaka, ngakhale kwa ena shugayo amadzabwerera. Imathetsanso chilungulira mwa anthu ambiri. Ku Sweden, kafukufuku amene anayamba mu 1987 pa anthu oposa 4,000 anapeza kuti patatha zaka 10, ochitidwa njira yolambalala anali atataya makilogalamu 25 pa 100 aliwonse, pamene a lamba anataya 14 okha. Kudula chifu kumayandikira pa njira yolambalala, koma nthawi zambiri kumatsalira pang'ono.

Komabe walira mvula walira matope. Mbali ya matumbo imene yalambalalidwayo ndi imene imayamwa kwambiri ayironi wopanga magazi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Choncho munthu ayenera kumwa mavitamini masiku onse a moyo wake, ndipo ambiri amabayidwa jakisoni wa vitamini B12 miyezi itatu iliyonse. Akamwa tiyi wa shuga wambiri kapena chakumwa chozizilitsa kukhosi, mtima umagunda, thukuta limatuluka, chizungulire chimamugwira, ndipo m'mimba mumatseguka. Mowa umalowa m'magazi mwamsanga kuposa kale. Nthawi zina matumbo amatha kupotana ngakhale patapita zaka, ndipo zikatero pamafunika dokotala wa opaleshoni mwachangu.

TSONO TISANKHE BWANJI?

Pano ndi pamene pagona nkhani, amayi. Musafunse kuti, "Ndi iti imene indiondetse kwambiri?" kapena "Ndi iti yotsika mtengo?" Funsani kuti, "Ndi iti ikugwirizana ndi matenda anga, ndipo ndi iti imene ndingathe kukhala nayo kufikira ukalamba, kumene ndikukhalako?" Nazi mfundo zisanu zoti mupite nazo kwa dokotala.

Yoyamba, matenda amene muli nawo kale. Ngati chilungulira chimakudzutsani usiku, kudula chifu kungakuwonjezereni mavuto, ndipo madokotala ambiri amalangiza njira yolambalala. Ngati shuga wakuvutani zaka zambiri, njira yolambalalanso ndi imene imatchulidwa kawirikawiri. Koma ngati magazi amakuchepani nthawi ndi nthawi, kapena msambo wanu umakhala wochuluka, muuzeni dokotala mosabisa, pakuti njira yolambalala ingakuchepetseni magazi koposa.

Yachiwiri, nkhani ya ana. Mayi wonenepa kwambiri nthawi zina amavutika kutenga pakati, koma thupi likayamba kutsika amatha kuima mosayembekezera. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, chifukwa nthawi imeneyo thupi likutsika mofulumira ndipo mwana m'mimba angaperewere chakudya. Dziwaninso kuti pambuyo pa njira yolambalala mapiritsi olerera sadalirika monga kale. Funsani za lupu kapena njira yoika pamkono opaleshoni isanachitike, ndipo mukambirane ndi bambo a kunyumba.

Yachitatu, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife msana ukawawa timathamangira Brufen, aspirin kapena diclofenac. Kwa amene wachitidwa njira yolambalala mankhwala amenewa angayambitse zilonda pamene kathumba kalumikizidwa ndi matumbo, chimodzimodzinso fodya. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu, musachite manyazi kunena, chifukwa kayamwidwe ka mankhwala ena kamasintha chifu ndi matumbo zikasinthidwa. Nyamulani mapaketi onse mukamuonetse dokotala.

Yachinayi, kumene mudzakhale opaleshoni itatha. Iyi ndi mfundo imene ambiri amaiwala. Opaleshoni ndi ya tsiku limodzi, koma kuyezetsa magazi ndi kwa chaka chilichonse kufikira imfa. Amene ali ku Johannesburg kapena ku London lero angathe kudzapumira kumudzi mawa. Kodi kumeneko lamba adzammasula ndani? Kodi mavitamini adzapezeka mwezi ndi mwezi, ngakhale chaka cha njala, ngakhale bambo atachotsedwa ntchito? Ngakhale wodulidwa chifu amafunika mavitamini, koma wa njira yolambalala akawasiya amakhala pa ngozi yaikulu: magazi amachepa, mafupa amafooka, manja ndi miyendo zimachita dzanzi. Werengerani ndalama za zaka makumi awiri, osati za tsiku la opaleshoni lokha.

Yachisanu, dzanja limene likugwireni. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, imfa zimachitika pa munthu mmodzi kapena awiri pa 1,000 aliwonse. Zoopsa zazikulu ndi kutaya magazi, kuundana kwa magazi m'miyendo, ndi kudontha kwa pamene asoka. Funsani dokotala kuti amachita maopaleshoni otere angati pa chaka, ndiponso mukadwala usiku muimbire yani. Chenjerani ndi zolengeza za pa Facebook zolonjeza ndege, hotela ndi opaleshoni pa mtengo wozizira. Boma la Britain lachenjezapo nzika zake pambuyo pa imfa za anthu amene anapita ku Turkey kukachitidwa maopaleshoni, ena mwa iwo ochepetsa thupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dokotala amene sakufunsani za chilungulira, za ana, kapena za kumene mudzayezetsere magazi, ameneyo akuyang'ana chikwama chanu.

MOYO WA PAKHOMO PAMBUYO PAKE

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, mbale yanu idzasintha. Masabata oyambirira mumamwa zamadzimadzi zokha, kenaka phala losalala, kenaka zofewa, ndipo patapita mwezi ndi theka ndi pamene ambiri amayamba chakudya cholimba. Ife tinazolowera kuti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zongoperekeza. Pano zimatembenuka: muyambe ndi mazira, nyemba, usipa kapena nkhuku, kenaka masamba, nsima ibwere pomaliza mbamu imodzi kapena ziwiri. Mutafune bwinobwino, ndipo madzi mumwe patapita theka la ola mutadya. Pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi tsitsi limatha kuthothoka, koma limameranso. Kutsika thupi mofulumira kumabweretsanso miyala mu ndulu kwa ena. Kusanza kosalekeza, kutentha thupi, mtima kuthamanga kapena kupweteka kwambiri m'mimba si zodikira kuti kuche.

Palinso za anthu. Mudzapita kwa apongozi, adzakuphikirani nkhuku ndi nsima yodzaza mbale, inu n'kudya ngati mwana. Adzati mwawanyoza. Anzanu poona mukuonda adzayamba kulankhula zimene inu mukudziwa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuti bambo a kunyumba ndi wachibale mmodzi wosunga chinsinsi adziwe zonse kuyambira pachiyambi, ndipo ngati n'kotheka apite nanu kwa dokotala. Mutu umodzi susenza denga. Dziwaninso kuti mpeni susintha mtima: amene abwerera ku mandasi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera, thupi limayamba kukweranso.

Mayi uja tinakhala naye pansi n'kulemba mafunso asanu amenewa pa pepala, ndipo anamuwerengera mwana wake pa foni. Pamenepo ndi pamene zinadziwika kuti mwanayo anali asanamuuze dokotala kuti akufuna mwana wina, ndiponso kuti iye ndi mwamuna wake akumanga nyumba kumudzi yodzapumiramo. Mayiyo sanamusankhire. Anangoti, "Mwana wanga, bwerera ukanene zonsezi, ndipo usasaine kanthu tsiku lomwelo."

Nanunso, amayi, mwana kapena mnzanu akadzakufunsani, musamuseke kuti akufuna kukhala mtsikana, ndiponso musamuopseze kuti akukafa. Mufunseni za matenda ake, za ana, za mankhwala, za kumene adzakhale, ndi za dokotalayo. Sungani tsamba ili m'chikwama, mukawerengere anzanu kumsonkhano.