Ana asukulu pa wailesi: ntchito yaikulu ili kuseri kwa maikolofoni

Masiku ano sichachilendonso kumva mawu a mwana wasukulu pa wailesi, akufunsa mafunso akuluakulu a boma kapena akutsogolera zokambirana za achinyamata anzake. Makolo ambiri akamva zimenezi amati mwanayo anabadwa nalo luso, ndipo amaganiza kuti wawo wa ku Ganya kapena ku Tsangano sangafikepo. Ife tikuona mosiyana. Kukonza ndi kuulutsa pologalamu ndi umisiri wophunzira monga ukalipentala kapena utelala, ndipo gawo lake lalikulu silichitikira pa maikolofoni ayi. Tafuna kulongosola m'mene ntchitoyi imayendera, kuti akatekisiti, aphunzitsi ndi alangizi a magulu a achinyamata m'maparishi athu a m'boma la Ntcheu adziwe poyambira.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira kuti wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964. Wolankhulapo ankachita kusankhidwa, ndipo zolankhula zake zinkasankhidwanso. Kalata ya Aepiskopi athu itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu ambiri ankatchera khutu ku BBC ya ku London kuti amve zimene zinkawachitikira abusa awo. Zinthu zinasintha utabwera ulamuliro wa zipani zambiri. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu, ndipo mu 1999 Radio Maria Malawi inayamba kumveka kuchokera ku Mangochi. Pambuyo pake kunabwera Radio Alinafe ku Lilongwe, Radio Tigabane ku Mzuzu, Tuntufye ku Karonga, komanso mawailesi a m'madera monga ya Bembeke ku Dedza. Wailesi iliyonse mwa zimenezi ili ndi maola ambiri oti idzaze tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene pali khomo la ana athu.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali wailesi yolankhula kwa ana, monga pologalamu ya Tikwere imene inayamba pa MBC mu 2008 kuphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira a pulaimale, kapenanso maphunziro a pa wailesi amene anathandiza ana sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Koma palinso wailesi imene olankhulapo ndi ophunzira eni ake. Ku Blantyre, sukulu ya utolankhani ya Malawi Institute of Journalism inatsegula wailesi ya MIJ FM, pomwe ophunzira ake amazolowerera ntchito. Ku Zomba kunakhazikitsidwa wailesi ya Chanco pa sukulu ya ukachenjede, ndipo ku Lilongwe bungwe la Timveni linadziwika ndi mapologalamu okonzedwa ndi ana ndi achinyamata. Nkhani yathu ikukhudza mtundu wachiwiriwu.

Ena angafunse kuti zimenezi zikuukhudza bwanji Mpingo. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha pa 4 Disembala 1963, unalamula kuti maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kabwino ka njira zofalitsira mauthenga aziperekedwa m'sukulu za Katolika, m'maseminale ndi m'mabungwe a akhristu eni ake, ndiponso kuti chiphunzitso chimenechi chilowe m'mabuku a katekisimu. Choncho katekisiti amene akuthandiza ana kukonza pologalamu sakuchita zachibwana kapena kuthawa ntchito yake. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901 sanachedwe kutsegula sukulu, chifukwa anadziwa kuti mwana wophunzira kuwerenga adzawerengera mudzi wonse. Mwana wophunzira kufunsa, kumvetsera ndi kufotokoza zoona adzachitanso chimodzimodzi.

Ntchito imayamba ndi kusankha mutu, ndipo apa ndi pamene magulu ambiri amapunthwa. Ana akafunsidwa kuti akufuna kukamba za chiyani, amayankha kuti za maphunziro, za umphawi kapena za chilengedwe. Imeneyo ndi mitolo yosasenzeka. Mutu wa pologalamu uyenera kukhala funso limodzi loti munthu angaliyankhe. Tiyerekeze sukulu ina pafupi ndi msika wa Lizulu kapena wa pa mphambano ya Tsangano, kumene pa tsiku la msika makalasi amakhala opanda ana ambiri chifukwa apita kukathandiza makolo kugulitsa kachewere, kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1. Funso ndi ili: kodi mwana angathandize bwanji makolo ake popanda kujomba ku sukulu? Mutu woterewu uli ndi anthu ake, malo ake ndi phokoso lake, ndipo womvera wa ku Ntcheu adzauzindikira msanga. Achinyamata a YCS sadzavutika nazo, popeza njira yawo ya kuona, kuweruza ndi kuchitapo kanthu, imene inachokera kwa Kadinala Joseph Cardijn wa ku Belgium, ndi msana womwewo wa pologalamu yabwino.

Gulu ligawane ntchito: wina akhale mkonzi wosunga ndondomeko ndi nthawi, ena awiri atolankhani, wina wojambula mawu, ndipo mmodzi kapena awiri aulutsi. Ana onse amathamangira kuulutsa. Mlangizi wanzeru amawasinthasintha, kuti amene waulutsa mwezi uno mwezi wamawa agwire wotchi, ndipo atsikana asamangopatsidwa ntchito yowerenga moni.

Kucheza ndi anthu ndiye sukulu yeniyeni, ndipo tikupempha alangizi kuti athere nthawi yawo yambiri pamenepa. Pa mutu wathu uja, ana ayenera kumva kwa mnzawo wojomba, kwa mayi wogulitsa pa msika, kwa mphunzitsi wamkulu, kwa a komiti ya sukulu ndi kwa amfumu. Akangomva mbali imodzi, imeneyo si pologalamu koma mlandu woweruzidwa mwini wake palibe. Mafunso akhale otsegula pakamwa. Mwana akafunsa kuti, "Kodi sukulu ndi yabwino?" mayiyo adzati inde, basi nkhani yatha. Koma akafunsa kuti, "Amayi, tsiku la msika limayamba bwanji pakhomo panu?" mayiyo adzafotokoza za kudzuka tambala woyamba, za matumba osowa owanyamula, za galimoto zimene sizidikira munthu. Pamenepo womvera ayamba kumvetsa kuti kujomba kuja si ulesi chabe.

Chovuta kwa ana athu si kusowa mafunso koma mwambo. Tinawalera kuti mwana safunsa wamkulu, ndipo kuno kwa Angoni ulemu si nkhani yamasewera. Sitikufuna kuti ulemuwo uthe. Mwana apite kwa amfumu ndi munthu wamkulu womuperekeza, apereke moni monga mwa mwambo, atchule mfunda wa munthuyo ngati akuudziwa, afotokoze kumene wachokera ndi kumene mawuwo akaulutsidwe, apemphe chilolezo chojambula, kenaka afunse funso lake mosaopa. Ulemu ndi mantha ndi zinthu zosiyana, ndipo mwana amene waphunzira kusiyanitsa ziwirizi wapindula ngakhale pologalamu yake isadzamveke konse. Aphunzirenso kukhala chete. Ambiri akafunsa funso loyamba maso amakhala ali kale pa funso lachiwiri papepala, osamva kuti munthu uja wangonena chinthu chofunika kuchitsata.

Za zipangizo tisatayepo nthawi. Foni yam'manja yojambula mawu ndi yokwanira poyambira, ndipo pa kompyuta pali pologalamu yaulere yotchedwa Audacity yodulira ndi kulumikizira mawu. Foniyo italikirane ndi pakamwa ngati kutambasula kwa dzanja limodzi, ndipo wojambulayo aime mofulatira mphepo, imene kumapiri a Kirk Range siichepa. Adani a wojambula ndi chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi mvula pa denga la malata. M'tchalitchi mopanda anthu mawu amabwerera kuchokera m'makoma, koma m'sakiristiya, mmene muli makabati ndi zovala za Misa, mawu amamveka bwino kwambiri. Bambo Mfumu akalola, imeneyo ndiyo situdiyo ya parishi. Asanachoke pamalo, ana amvetsere zimene ajambula, kuopa kukazindikira ali kunyumba kuti foni inali isanayambe kujambula. Ajambuleko padera phokoso la msika kwa mphindi imodzi, chifukwa khutu likamva ogulitsa akuitanira malonda, maso a womvera amauona msikawo.

Kenaka pamabwera kulemba. Kulembera khutu n'kosiyana ndi kulemba chimangirizo cha m'kalasi. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera m'mbuyo, koma mayi amene akumvera wailesi uku akupala moto sangabwezeretse mawu amene amudutsa. Chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi, ndipo chikhale choti munthu angachinene ndi mpweya umodzi. Udindo wa munthu utchulidwe dzina lake lisanatchulidwe. Manambala achepe, ndipo amene atsalawo akhale otsimikizika: ngati mwana akufuna kunena chiwerengero cha ojomba, akachitenge m'kaundula wa sukulu ndi chilolezo cha mphunzitsi wamkulu, osati kwa mnzake amene anangomva. Zolembazo ziwerengedwe mokweza wina atagwira wotchi. Pologalamu ya mphindi 15 ikhoza kukhala ndi mphindi imodzi ya malonje, mphindi zisanu ndi zitatu za mawu a anthu, nyimbo imodzi ya kwaya ya sukulu, ndi zotsalazo zokambirana. Kuti mphindi 15 zimenezo zituluke, gulu lingathe kugwira ntchito masana a sabata yathunthu, ndipo zambiri zimene linajambula zidzatayidwa. Ana amamva kuwawa akaona mawu awo akudulidwa, koma kudulako ndi mbali ya maphunziro.

Tsopano muulutsi akhoza kukhala pa maikolofoni. Matenda amene timawamva kawirikawiri ndi otsanzira. Mwana amasintha mawu kuti amveke ngati muulutsi wotchuka wa mumzinda, amasakaniza Chingelezi chosafunika, amafuula ngati ali pa msonkhano wa ndale. Wailesi imamveka kwa anthu zikwizikwi, koma aliyense amamva payekha. Muulutsi aganize kuti akulankhula ndi munthu mmodzi, monga agogo ake atakhala pakhonde, ndipo alankhule Chichewa chimene amalankhula kwawo, popanda kuchita nacho manyazi. Apume pamene pali mpumiro, akhale mowongoka, asagwedeze mapepala, ndipo mayina a anthu ndi a midzi awayeserere kutchula nthawi isanakwane. Akatekisiti amene amaphunzitsa owerenga Mawu a Mulungu pa Misa aona kuti malangizo ake ndi omwewo, n'chifukwa chake tikuti ntchitoyi ndi yawo kale.

Pali mbali imodzi imene sitingailekerere m'manja mwa ana okha. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa pa wailesi umafika kutali kuposa wa pa chitsime. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limagwira ntchito pa maikolofoni monga pena paliponse, ndipo katekisimu amatiphunzitsa kuti kuulula zolakwa za mnzathu popanda chifukwa chokwanira ndi tchimo ngakhale zolakwazo zili zoona. Malamulo a dziko nawonso amalanga woipitsa mbiri ya mnzake, ndipo wailesi imene yaulutsa mawuwo imayankha nawo mlandu. Choncho mlangizi amvetsere pologalamu yonse isanatumizidwe. Dzina la mphunzitsi, la wamalonda kapena la mfumu lisatchulidwe pa choipa chilichonse mwini wake asanapatsidwe mpata woyankhapo.

Chitetezo cha anawo ndi chofunika koposa. Kuchokera mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 likuikira kumbuyo ufulu wawo. Makolo avomereze mwana wawo asanamveke pa wailesi. Ana asapite okha kukajambula, ndipo munthu wamkulu asatsekeredwe m'chipinda ndi mwana mmodzi ponamizira kujambula mawu. Mitu ina, monga ya maukwati a ana, mimba za atsikana asukulu ndi nkhanza za m'banja, ndi yoyenera kukambidwa, koma mwana amene zamuchitikira asatchulidwe dzina, mudzi kapena kalasi, ndipo mawu ake enieni asamveke, chifukwa kumudzi anthu amadziwana mawu. Ngati pocheza mwana waulula kuti akuchitiridwa nkhanza, kujambula kuthere pomwepo. Imeneyo si nkhaninso ya pologalamu koma ya a ofesi yosamalira anthu ndi apolisi, ndipo mlangizi aitengere kumeneko tsiku lomwelo.

Pologalamu ikatha, njira yoifikitsira pa wailesi ndi kudzera kwa Bambo Mfumu ndi ofesi yofalitsa mauthenga ya dayosizi, amene angalankhule ndi akuluakulu a wailesi za nthawi ndi zofunika zawo. Gulu lisalonjeze pologalamu ya sabata ndi sabata lisanayese mphamvu zake. Ndi bwino kuyamba ndi imodzi pa mwezi, kupewa nyengo ya mayeso a JCE ndi MSCE. Masiku oyenera kuyambira alipo: 13 Febuluwale, Tsiku la Wailesi pa dziko lonse limene UNESCO inakhazikitsa mu 2011, kapena Lamulungu la Tsiku la Zofalitsa Mauthenga, limene Mpingo wakhala ukukumbukira chaka ndi chaka kuyambira mu 1967. Ngakhale mpata pa wailesi utachedwa kupezeka, pologalamuyo ikhoza kumvedwa pa sipika m'holo ya parishi ikatha Misa, kapena pa msonkhano wa mphakati, makolo ndi anthu amene anafunsidwa aja ali pomwepo. Anawo akhale kumbuyo ndi makope awo, alembe pamene anthu anaseka, pamene anayamba kunong'onezana, ndi pamene ena anadzuka n'kutuluka panja, ndipo zimenezo akazikambirane pa msonkhano wokonzekera pologalamu yachiwiri.