Popita ku Kabwe, musawasiye agogo kunyumba

Kuchoka ku Lusaka kulowera kumpoto mumsewu wa Great North Road, pamtunda wa makilomita pafupifupi 140, pali tauni ya Kabwe. Banja lofuna kuonetsa ana mmene makolo ankakhalira likhoza kuthera Loweruka lonse kumeneko. Koma mbiri ya tauniyi ili mbwee m'misewu, ndipo imafuna munthu woilongosola. Choncho m'galimoto muzisiya malo a agogo.

Poyambira pabwino ndi pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, wotchedwa Big Tree, umene boma limauteteza ngati chikumbutso cha dziko. Nthambi zake zatambalala mwakuti dzuwa likaswa mtengo, munthu amakhalabe pamthunzi wozizira. Pansi pake ndi pamene anthu ankasonkhana m'masiku a atsamunda, tauniyi ikutchedwa Broken Hill.

Dzina lakalelo linabwera ndi mgodi. Mtovu ndi zinki zinapezeka kuno mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo amuna anakhamukira kuno kudzafuna ntchito, ena kuchokera ku Nyasaland. Mu 1921 anthu okumba mgodiwo anafukula chigaza cha munthu wamakedzana. Ana akafunsa kuti chili kuti, yankho lake ndi lowawa: chinatengedwa kupita ku London, ndipo chikusungidwa ku Natural History Museum, ngakhale Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere kwawo.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma unasiya poizoni wa mtovu m'dothi la makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Milu yakuda ya zinyalala za mgodiwo muione muli chapatali. Ana asasewere pafumbi la kumeneko, ndipo asambe m'manja asanagwire chakudya. Iyinso ndi mbiri, ndipo mwana ayenera kuimva.

Masana mupite ku thanthwe la Mulungushi, kumpoto kwa tauni. Chipani cha UNIP chinasonkhana kumeneko mu 1960, kutali ndi maso a boma la atsamunda. Pomweponso, mu 1968, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu la makampani ambiri a anthu akunja. Kwa mwana, thanthwelo ndi mwala chabe wokwerapo. Agogo amene ankamva mayina amenewa pa wailesi ndi amene angalipatse tanthauzo.

Pobwerera ku Lusaka, imani ku Chisamba, dera la mafamu aakulu, kumene famu ya Fringilla imalandira alendo ndipo imadziwika ndi masoseji ake. Apa mwana wokulira m'tauni, amene amangodziwa mkaka wa m'paketi, amaima kakasi poona ng'ombe ikubzikula, malovu ali chuchuchu. Agogo nawo lilime limamasuka: za kubusa, za kukama m'mamawa kuli mame, za chikwapu chimene ankalandira ng'ombe zikalowa m'munda wa eni.

Amene angakonze ulendo wawo mu Okutobala afufuze tsiku la Kulamba Kubwalo, mwambo wa Alenje umene umachitika m'boma la Chibombo pamaso pa Mfumu Yaikulu Mukuni Ng'ombe. Kumeneko magule, ng'oma ndi zakudya za makolo sizochita kuyeserera pofuna kusangalatsa alendo. Eni ake amazichita chaka ndi chaka, ndipo mlendo amangofunika kukhala pansi mwaulemu n'kuonerera.