Ngongole ya mayi inagwera mwana

Anthu okonda kuwerenga akakhala pansi kukambirana buku la Madame Bovary, mkangano umathera pa zibwenzi za Emma. Ena amati anali wachimasomaso, ena amati anasowa chikondi. Ine, ana anga, maso anga ali pa ngongole.

Bukuli analemba ndi Gustave Flaubert wa ku France, ndipo linatuluka mu 1857. Boma linamutengera kukhoti ati nkhaniyo ikuwononga makhalidwe, koma anapezeka wosalakwa. Bambo ake anali dokotala wamkulu wa maopaleshoni ku Rouen, ndipo ife amene tinagwirapo ntchito m'mawodi timaona kuti mwanayo matenda ndi imfa ankazidziwa.

Emma, mwana wa mlimi, anakwatiwa ndi Charles Bovary, wachipatala wa kumudzi, munthu wofatsa koma wosadziwa kucheza. Mtsikanayu anakula akuwerenga mabuku achikondi, ndiye banja lenileni linamugwetsa ulesi. Apa mpamene analowera Lheureux, wamalonda wa pakamwa potsekemera. Ankabwera ndi nsalu, makatani ndi makapeti, n'kumati ndalama si nkhani, mudzalipira. Emma ankangosaina. Tsiku lobweza likafika, ankasainanso pepala lina lokwirira loyambalo, katapila weniweni. Mpaka ananyengerera mwamuna wake kuti amupatse mphamvu zoyendetsa chuma chonse. Charles anavomera osafunsa.

Azibambo, pamenepa musamuseke Charles. Mkazi wake ankamukonda zedi, koma zatsopano zikulowa m'nyumba sanakhale naye pansi n'kufunsa kuti, “Amayi, zimenezi talipira ndi chiyani?” Funso lotere, likafunsidwa mofatsa mwezi uliwonse makalata a ngongole ali patebulo, si kukayikirana ayi. Ndipo lifunsidwe mbali zonse, chifukwa obisa ngongole si akazi okha.

Kenaka khoti linalamula kuti abweze ma franc 8,000 m'maola 24, apo ayi katundu alandidwa. Emma anathamangira kwa zibwenzi zake. Léon anazemba, Rodolphe anati alibe. Mwamuna wake, amene akanamukhululukira, ndiye sanamuuze. Anadzipha ndi poizoni, imfa yowawa imene Flaubert sanaikometse mpang'ono pomwe.

Charles nayenso anamwalira posakhalitsa. Katundu yense atagulitsidwa, panatsala ma franc 12 ndi masentimu 75, ndalama zimene zinalipirira ulendo wa mwana wawo Berthe wopita kwa agogo ake. Agogowo anamwalira chaka chomwecho. Azakhali osauka anamutenga mwanayo, n'kumutumiza kukagwira ntchito kufakitale ya thonje.