Laputopu ya makaniko ikhale yotani?

Kuno ku Chinhoyi, m'mbali mwa msewu wa Harare kupita ku Chirundu, makaniko wina wachinyamata, mdzukulu wa Amalawi amene anadzagwira ntchito m'mafamu a fodya, anandifunsa akupukuta girisi m'manja kuti, "Achimwene, ndigule laputopu yotani?"

Funsoli n'lofunika. Magalimoto a masiku ano, monga Honda Fit, injini yake imayendetsedwa ndi kompyuta yotchedwa ECU. Makaniko amalankhula nayo pogwiritsa ntchito laputopu, kudzera pa soketi ya timabowo 16 imene ili pansi pa chiwongolero, yotchedwa OBD-II, yomwe ku America inakhala lamulo kuyambira mu 1996.

Ndinamuuza kuti choyamba ikhale ya Windows, chifukwa mapulogalamu ngati Toyota Techstream amayendera pamenepo. RAM ya 8GB ndi yokwanira. Asankhe yosungira zinthu pa SSD, popeza siiopa mabampu a misewu ya kumafamu, ndipo ikhale ndi mabowo a USB olimba.

Koma chachikulu ndi batire. Laputopu ikazima pamene mukulemba pulogalamu mu ECU, kompyuta ya galimotoyo ikhoza kufa, mwiniwake n'kukulipiritsani.

Amakaniko anzanga, musathamangire yonyezimira. Gulani yolimba komanso yosunga moto nthawi yaitali.